Mmisiri Amene Anaphunzira Kudikira Yankho

Pali kugwa kumene munthu amagwa chifukwa cha ulesi, ndipo kumeneko sikufuna chisoni. Koma palinso kugwa kwa munthu wakhama, wodzuka m'mamawa, amene amapunthwa pa kanthu kamene iye ankakayesa kachabe. Inu amene mwagwa kugwa kwachiwiriku, khalani pansi mumve.

Lachiwiri lina m'mawa, m'chipinda cha mayeso pa sukulu yophunzitsa madokotala a mano, mtsikana wina anaimitsidwa chozulira mano chili m'manja. Anzake ankamutchula kuti Mmisiri, chifukwa m'kalasi monse munalibe wa manja aluso ngati iye. Dzino limene wamata iye, aphunzitsi omwe ankachita kulifunafuna ndi kagalasi kuti aone pamene panali chibowo. Anali m'chaka chomaliza, ndipo aka kanali kachiwiri kuyesedwa pa munthu wamoyo.

Pampando panali mayi wina wogwira ntchito yolandira alendo pa ofesi, dzino lake lakutsogolo litabenthuka ndi kuda. Mmisiri anali ataona chithunzi cha dzinolo, naweruza mumtima kuti ndi losapulumuka. Anagoneka mpando, nakhala kumutu kwa mayiyo monga amachitira madokotala a mano. Analonga thonje mbali zonse za m'kamwa, nalowetsa kagalasi ndi kapaipi koyamwa malovu. Atatha zonsezo m'pamene anafunsa.

"Tizule, eti mayi?"

Mayiyo anatulutsa mawu apakhosi, aja amene munthu aliyense wodzaza m'kamwa amatulutsa. Mmisiri anawamva ngati inde. Anabaya jakisoni wa dzanzi, nadikira kuti agwire, natenga chozulira.

Apo ndi pamene mphunzitsi wamkulu, mayi wa imvi amene ophunzira onse ankangowatchula kuti a Dokotala, anamugwira pamkono. Anadzutsa mpando, nachotsa thonje lija limodzilimodzi, nafunsa mayiyo chimene anadzera. Mayiyo, mlomo uli lende chifukwa cha dzanzi, anati anabwera kudzafunsa ngati dzinolo lingamatidwe, poti ntchito yake ndi yomwetulira anthu tsiku lonse.

"Ndakhala ndikukana kuyambira pamene anandigoneka," anatero, misozi ikutsika. "Koma ndikanakana ndi chiyani?"

Masana ake Mmisiri anaitanidwa ku ofesi. A Dokotala anamukumbutsa lamulo la sukuluyo, loti mayeso amenewo munthu amayesedwa katatu kokha. Kachitatu kadzakhala patapita milungu khumi ndi iwiri, ndipo akadzalephera pamenepo, zaka zisanu zidzatha popanda satifiketi. Mmisiri anadziteteza mwamphamvu. Anati dzinolo linalidi losapulumuka, ndipo kufunsa anafunsa ndithu. A Dokotala sanatsutse za dzinolo.

"Mwina munaweruza bwino," anatero. "Koma dzinolo ndi la mayiyo, si la chithunzi. Ndipo funso limene munthu sangathe kuyankha si funso."

Kenaka anamuuza kuti pali anzake atatu amene amakumana okha Lachitatu lililonse nthawi ya nkhomaliro, kukambirana za mmene amalankhulira ndi odwala. Anati sakumukakamiza kupitako, koma iwo alibenso china choti amuphunzitse, pakuti za manja anazitha kale.

Kuti mumvetse bwino, dziwani kumene mtsikanayu anachokera. Mayi ake anamwalira iye ali kumsana. Bambo ake anali okonza mawotchi, munthu wosalankhulalankhula, amene ankatha tsiku lonse ataweramira kagome, kagalasi kali padiso. Mwanayo ankakhala pambali nkumapatsira tizipangizo, ndipo pakati pa awiriwo mawu sankafunika. Pamene bambowo anamwalira, iye ali kusukulu ya pulaimale, anamusiyira manja awo ndi chikhulupiriro chawo chakuti ntchito yabwino imadzinenera yokha. Anamutenga azakhali ake, mayi wosoka zovala, amene anapondaponda makina mpaka mawondo kutupa kuti mwana wa mlongo wawo asasiye sukulu.

Kusukulu ya mano, zaka zoyambirira ophunzira sagwira munthu. Amaphunzirira pa mitu ya pulasitiki yomangiriridwa pamatebulo, yoyasama usana ndi usiku. Mutu wa pulasitiki suopa, sufunsa, sukana. Pa mitu imeneyo Mmisiri anali mfumu. Chenjerani, inu achinyamata, ndi luso limene munaliphunzirira pa zinthu zosalankhula, chifukwa tsiku lidzafika loti muligwiritse ntchito pa munthu.

Lachitatu loyamba sanapiteko. Ankati amenewo ndi macheza a anthu ofooka, obisa manja olemera kumbuyo kwa pakamwa pokoma. Lachitatu lachiwiri anawerenga milungu yotsala, naganiza za mawondo a azakhali ake, napita.

Ankakumana m'chipinda cha mitu ya pulasitiki momwemo, pafupi ndi mpando umodzi wakale wogonekapo odwala umene unakankhidwira pangodya. Panali mnyamata wamtali amene ankamutchula kuti Wailesi chifukwa chosatseka pakamwa. Panali wina wa magalasi, Bukhu, amene ankalankhula ngati akuwerenga. Ndiye panali a Nesi, mayi wachikulire ndithu, amene anagwira unamwino zaka khumi ndi ziwiri asanabwerere kusukulu.

"Taonani, kwabwera a Mmisiri," anatero Wailesi. "Kodi ndi mutu uti wa pulasitiki umene wakadandaula?"

A Nesi anamuyang'ana ndi diso limodzi. Anafotokozera mlendoyo malamulo a gululo. Aliyense amabwera ndi kukambirana kumodzi kumene kunamuipira mlungu umenewo, ndipo amanena mawu ake enieni monga anatulukira, osati monga akanafunira kuti atuluke. Dzina la wodwala silitchulidwa. Kudziseka wekha nkololedwa, kuseka wodwala ayi. Mphunzitsi salowamo, ndipo zonenedwa m'chipindamo zimatsala ndi mitu ija.

Mmisiri anakhala atapinda manja, koma zimene anamva zinamudabwitsa. Wailesi anaulula kuti pofuna kuseketsa bambo wina wamantha, anamusimbira za munthu amene anakomoka pampando womwewo, ndipo bamboyo anapempha kupita kuchimbudzi osabwereranso. Bukhu anati anafotokozera gogo wina matenda a nkhama kwa mphindi khumi ndi mawu a m'mabuku, gogoyo nkumangogwedeza mutu, ndipo pomaliza anafunsa ngati adokotala enieni abwera nthawi yanji. A Nesi nawo anavomera kuti anakalipira wodwala wina, mphunzitsi wopuma ntchito, ngati mwana chifukwa chosatsuka mano, osadziwa kuti dzanja lake lamanja linafooka ndi matenda. Palibe amene anadzikometsa. Aliyense akamaliza, enawo ankamufunsa mafunso kaye, kenaka nkuyesa mawu ena amene akananena.

Itafika nthawi yake, Mmisiri anati nkhani yake ndi yaifupi: anafunsa, mayiyo anayankha mosamveka, basi. A Nesi anati asafotokoze, aonetse. Anamuuza kuti akhale pampando wakale uja, ndipo Wailesi achite ndi kunena zonse monga Mmisiri anachitira kwa mayi uja.

"Iwe ntchito yako ndi imodzi, mwana wanga," anatero a Nesi. "Ukane."

Mpando unagonekedwa. Kwa zaka zisanu Mmisiri anali asanagonepo pampando wotere. Nyali inamuthobwa m'maso. Wailesi anazimiririka nkukakhala kumutu, ndipo chimene chinkaoneka chinali maso awiri ozondoka pamwamba pa masiki. Thonje linalowa uku ndi uku, kagalasi kanapanikiza lilime. Ndiye mawu anatsika kuchokera kumwamba, achangu, osadikira, ake omwe.

"Tizule, eti mayi?"

Mmisiri anakana. Chimene chinatuluka chinali kubuula kwa pakhosi.

"Avomera," anatero Wailesi kwa Bukhu. "Lemba."

Anayesa kupukusa mutu, koma dzanja la Wailesi linali litagwira chibwano. Anakweza chala, koma Wailesi ankangoyang'ana m'kamwa, monga mmene iye amachitira. Anadziwa bwinobwino kuti ndi sewero, kuti palibe jakisoni, kuti awa ndi anzake. Komabe mantha anamugwira ngati kuti ndi zenizeni. Sizinathe mphindi ziwiri. Anadzuka, nalavula thonje, nanena kuti iye sanabwere kudzachita zachibwana. Anatuluka namenyetsa chitseko.

Wakutsina khutu ndiye mnansi, koma khutu likamawawa munthu saona ubale. Mkwiyo umene timaukwiyira otiuza zoona nthawi zambiri umakhala manyazi ovala malaya ena.

Anapita molunjika kushopu kwa azakhali ake, kachipinda kopapatiza kodzaza zidutswa za nsalu ndi fungo la mafuta a makina. Anawapeza akudya buledi ndi tiyi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti akutafunira mbali imodzi, mutu atapendeketsa ngati nkhuku yomwa madzi. Atawafunsa, anati dzino lakumapeto lakhala likuwasautsa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mmisiri anadabwa kwambiri. Anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire, chikhalirecho akugona nyumba imodzi ndi dokotala wa mano.

"Ndikuuze iwe?" anatero azakhali, akusasa nyenyeswa pachilolo. "Iwe ukayang'ana munthu m'kamwa umaiwala kuti ali ndi nkhope. Ndinakulera ndekha, koma pampando wako ndikuopa."

Pamenepo Mmisiri anawauza zonse, za mayi wa dzino lakutsogolo, za mayeso otsala amodzi, za thonje la masana amenewo. Ankayembekeza kuti amukalipira kapena alira. Azakhali anangotenga sizasi naiika patebulo pakati pa awiriwo. Anati iwo pa zaka makumi atatu sanadulepo nsalu ya munthu mwiniwake asananene kawiri chimene akufuna, koyamba poyeza, kachiwiri nsaluyo italembedwa kale ndi choko.

"Tsono ine ndikalakwitsa, nsalu ina ilipo kusitolo," anatero. "Iwe dzino la munthu ukalitenga sitolo iti?"

Lachitatu lotsatira Mmisiri anali woyamba kufika. Anapepesa chifukwa cha chitseko chija. Wailesi anati chitsekocho chamukhululukira kale, koma iye akufuna kuti aphunzitsidwe kumata dzino lakutsogolo monga dipo. Anagwirizana choncho. Mmisiri ankawathandiza za manja, iwo ankamuthandiza za pakamwa.

Musaganize kuti anasintha tsiku limodzi. Nkhani zokuuzani kuti munthu anagona wosadziwa nadzuka katswiri ndi zabodza, ndipo zimafooketsa anthu ambiri. Mmisiri anayamba ndi kulakwitsa kwa mtundu wina. Analemba ziganizo zokoma m'kope naziloweza pamtima, ndipo kuchipatala ankazilakatula kwa wodwala aliyense mofanana, mwana ndi gogo yemwe. Mayi wina anamufunsa ngati mawuwo ali pakhoma kumbuyo kwake, natembenuka kuti aone. Atasimba zimenezi pagulu, onse anaseka mpaka Bukhu kuvula magalasi, ndipo Mmisiri nayenso anaseka. Kanali koyamba kudziseka yekha pamaso pa anthu.

Pang'onopang'ono anayiwo anapeza njira yawoyawo, osati yotenga m'buku. Anagwirizana kuti chilichonse chofuna yankho chifunsidwe mpando uli chiimire, dokotala atakhala kutsogolo kwa wodwala, masiki atatsitsa, m'manja mulibe chitsulo. Bukhu, amene ankakonda kuwerengera zinthu, anaima pambali tsiku lina Mmisiri akugwira ntchito, nabwera ndi lipoti lakuti akafunsa funso amadikira nthawi yosakwana kuphethira kuwiri, kenaka nkudziyankhira yekha. Choncho anamulamula kuti akafunsa aziwerenga mumtima mpaka zisanu. A Nesi anawonjeza kuti kugwedeza mutu si kumva, ndiye wodwala azibwereza ndi mawu akeake chimene achitidwe.

Kuwerenga mpaka zisanu kunamuvuta kuposa mayeso onse amene analembapo. Chete wa m'chipinda ankamuyabwa, manja ankafuna okha kupita pathireyi ya zitsulo. Anaphunzira kuwakhalira pansi pa ntchafu. Masiku odzaza anthu ankabwerera ku zakale, ndipo Lachitatu ankakaulula, osachotsa kapena kuwonjeza. Tsiku lina anaulula kuti anafunsa mnyamata wina ngati sakumva kuwawa makina oboolera akulira m'kamwa mwake. A Nesi anangoloza mpando wakale uja, ndipo Mmisiri anakagonapo yekha osauzidwa.

Koma anayambanso kuona zachilendo. Akafika pa zinayi, anthu ankayamba kulankhula. Wina ankati amaopa jakisoni kuposa dzino. Wina ankati sanadye kuyambira dzulo. Wina ankaloza dzino lina, osati limene linalembedwa pafomu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma chitsekocho chimafuna munthu woima panja modekha.

Mlungu wachisanu ndi chinayi azakhali anabwera kuchipatala, atavala diresi lawo labwino ngati opita kukhoti. Mmisiri anawamata dzino lija. Potuluka anauza Wailesi kuti mwanayo wayamba kukhala munthu, ngakhale kuti amalankhulabe ngati basi ikumusiya. Limenelonso linakambidwa Lachitatu.

Tsiku la mayeso achitatu linafika. Lamulo linali lakuti a Dokotala asankhe wodwala pamzere, ndipo wophunzira amalize ntchito yonse pa ola limodzi. Anasankha bambo wina wa thupi lalikulu, dalaivala wa lole, tsaya litatupa. Dzino lake lakumapeto linali litavunda mpaka pamuzu. Ntchito yotere Mmisiri akanaitha pa mphindi makumi awiri maso ali chitsinzinire. Pafomu, pamene amafunsa ngati munthu akumwa mankhwala ena alionse, bamboyo anali atalemba kuti ayi. A Dokotala anakhala pangodya, wotchi ili pachikhatho.

Mmisiri anasiya mpando uli chiimire, nakoka kampando kake, nakhala kutsogolo. Anadzifotokoza kuti ndi wophunzira wa chaka chomaliza, ndipo anafunsa bamboyo chimene akufuna kuti chichitike. Bamboyo anati akufuna dzino lichoke, basi, ali ndi ulendo wautali mawa. Anafunsanso za thanzi lake, ngati pali matenda ena amene amayendera kuchipatala.

"Zonse ndalemba papepalapo, adokotala," anatero bamboyo, akuyang'ana kudenga. Kenaka anang'ung'udza motsitsa. "Mafunso omwewa ndi amene anandibwezetsa kwina kuja."

Mmisiri wa miyezi itatu yapitayo sakanawamva mawu amenewo, chifukwa akanakhala atatembenukira kale kuthireyi. Tsopano anawamva. Anaika manja pansi pa ntchafu.

"Anakubwezani atamva chiyani, bambo?"

Anawerenga mumtima. Anafika pa zisanu, bamboyo osayankha. Anamva wotchi ya a Dokotala ngati ikugunda m'khutu mwake. Anayambanso kuwerenga. Ali pa zitatu, bamboyo anapuma mozama, napisa dzanja m'thumba la malaya, natulutsa kabotolo ka mapiritsi. Anati chaka chatha anachitidwa opaleshoni ya mtima, ndipo anapatsidwa mapiritsi oletsa magazi kuundana. Mlungu wathawo anapita kuchipatala china, ndipo atangotchula mapiritsiwo anamuuza kuti sangamugwire, apite kwina, osamuuza kuti kwina kuti. Anagona masiku asanu ndi awiri dzino likumubaya mpaka m'khutu. Choncho anaganiza kuti ulendo uno angokhala chete.

Mmisiri anaona bwino pamene waima. Kuzula dzino la munthu womwa mapiritsi amenewo magazi ake asanayezedwe ndi kusewera ndi moyo, pakuti bala likhoza kukha osaleka, mwina ali pamsewu kutali ndi chipatala. Koma kuyeza magazi kukanadya ola lonse la mayeso.

Anamuthokoza chifukwa chonena zoona. Kenaka anamuuza mosazungulira kuti sazula dzinolo magazi asanayezedwe, ndipo anafotokoza chifukwa chake ndi mawu a tsiku ndi tsiku. Bamboyo anakwiya. Anathothola kansalu kamene anamumangirira pakhosi, naimirira, nanena kuti anadziwa, onse ndi amodzi, munthu ukanena zoona ndiye walakwa. Mmisiri sanamutsekereze njira. Anaimirira naye.

"Sindikukubwezani, bambo. Labotale ili kumapeto kwa khonde lomweli. Ndipita nanu ndekha, ndikhala nanu mpaka zotsatira zituluke. Kaya zituluka bwanji, lero simuchoka pano ndi ululu umene mwabwera nawo."

Bamboyo anamuyang'ana. Kenaka anayang'ana a Dokotala, ngati wofuna mboni. A Dokotala analankhula koyamba, akuyang'ana Mmisiri.

"Mukudziwa kuti pobwerera nthawi yanu ikhala itatha?"

"Ndikudziwa," anayankha Mmisiri.

Anakhala pabenchi ya kulabotale kwa ola ndi theka. Zotsatira zinasonyeza kuti magazi a bamboyo akuchedwa kuundana kuposa mlingo woyenera, kotero kuti kuzula tsiku limenelo kukanakhala koopsa. Mmisiri, mololedwa ndi a Dokotala, anatsuka chibowo cha dzinolo naikamo mankhwala oziziritsa ululu. Analemba kalata yopita kwa dokotala wa mtima, nachenjeza bamboyo kuti asasiye kapena kuchepetsa mapiritsi payekha. Anamupempha kuti abwereze zonse ndi mawu ake, ndipo bamboyo anabwereza mokakamizika, nalonjeza kudzabwera Lolemba m'mawa. Anachoka osatsanzika.

A Dokotala anaitana Mmisiri ku ofesi. Sanamuyamikire. Anati anachita zoyenera, koma lamulo likufuna ntchito yomalizidwa pa wodwala amene wasankhidwa, ndipo iwo sangalembe kuti dzino lazulidwa likadali m'kamwa. Chimene angachite ndi kusiya pepala losatseka mpaka Lolemba masana.

"Akabwera, mudzamaliza mayeso anu. Akapanda kubwera, ndilibe choti ndilembe."

Taganizani za masiku asanu amenewo. Zaka zisanu za sukulu zinapachikika pa chinthu chimodzi chokha, ngati munthu wokwiya, amene ululu wake unali utazizira kale, woyenda maulendo ataliatali, anakhulupirira mawu ake. Manja aluso aja sakanathandiza kanthu. Wailesi anafuna kuti akafunefune bamboyo kumene malole amaima, koma a Nesi anakana. Anati wodwala saitanidwa kuti adzapulumutse dokotala. Mmisiri anavomereza.

Lolemba anakonza thireyi yake m'mawa, nakhala. Eyiti koloko inadutsa, naini, teni. Anzake atatu ankasuzumira pakhomo mosinthanasinthana, Wailesi atasowa nthabwala kwa nthawi yoyamba. A Dokotala anali ku ofesi kwawo, chitseko chili chotsekula. Itangodutsa leveni, kunamveka mawu okhuthala kolandirira odwala. Mlembi ankafunsa dzina la dokotala amene akumufuna, ndipo mawuwo anayankha kuti dzina analiiwala.

"Ndikufuna mtsikana uja amene amayamba wakhala pansi."

Anali dalaivala uja, kalata ya dokotala wa mtima ili m'manja pamodzi ndi zotsatira zatsopano za magazi. Anati lole inamufera panjira, ndipo anzake ankamuuza kuti poti dzino lasiya kuwawa alisiye, koma iye anawayankha kuti anauzidwa kuti mankhwala aja ndi ongogoneka ululu, osati kuupha.

Mmisiri anawerenga kalatayo, naipereka kwa a Dokotala, amene anagwedeza mutu. Anafotokozera bamboyo chimene achite, nadikira kuti avomere ndi pakamwa pake, mpando uli chiimire. Kenaka anagoneka mpando. Dzino linatuluka lonse ndi mizu yake, bala linasokedwa, magazi analeka pa nthawi yake. A Dokotala anasaina pepala lija pomwepo, patebulo la zitsulo, napereka kwa Mmisiri kuti aone.

"Mwakhoza, adokotala," anatero.

Lachitatu lake anapitabe ku gulu, ndipo anali ndi choulula. Anati pofotokozera dalaivalayo za kasamalidwe ka bala anathamanga kwambiri, mpaka bamboyo anachita kumupempha kuti abwereze.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikuchenjezeni. Musanyadire mbali imene muli olimba mpaka kunyoza mbali imene muli ofooka, chifukwa moyo sudzakuyesani pamene mukufuna. Musathawe anzanu amene angakuonetseni nkhongo yanu, pakuti palibe munthu amadziona yekha kumbuyo. Mtsikanayu sanapulumutsidwe ndi mwayi kapena ndi chifundo cha aphunzitsi. Anapulumuka chifukwa anabwerera m'chipinda chimene anachititsidwamo manyazi, Lachitatu ndi Lachitatu, kukanena zolakwa zake ndi pakamwa pake. Ngati mwalephera kamodzi, kapena kawiri, ndipo mwatsala ndi mpata umodzi wokha, mpata umodzi ndi wokwanira kwa munthu wololera kudzudzulidwa. Funani anzanu awiri kapena atatu, muwauze zoona, mumve zowawa zimene akuuzeni, ndipo mubwerereko. Mtima wanu musautaye.